Msana umene ndinaupachika pakhoma

Kuno ku Chaisa, mu Lusaka, kuli banja lina limene ndikakumana nalo panjira ndimayamba ndayang'ana pansi. Sitinayambane ayi, ndipo ndi anthu amene anandithandiza kwambiri pa nthawi yovuta. Kungoti bambo wa m'banjamo akandiona amaimitsa minibasi yake pakati pa msewu, n'kutulutsa mutu pawindo, n'kufuula kuti, "Bashi Tiya, bakazi banga bauka bwino, zikomo pofunsa!" pomwe ine sindinafunse kanthu. Anthu a m'basimo amandiyang'ana. Lekani ndifotokoze mmene zinafikira pamenepa.

Mkazi wanga Nelia anamwalira zaka ziwiri zapitazo atadwala kanthawi kochepa. Za matendawo sindilemba. Anandisiyira mwana mmodzi, Tiyamike, ndipo ndi chifukwa cha iyeyo anansi athu Achibemba amanditcha Bashi Tiya, kutanthauza atate ake a Tiya.

Nelia asanayambe kudwala, ku Matero kunabwera anthu ojambula filimu ya mbiri ya mayi wina amene anatsogolera azimayi a pamsika m'masiku omenyera ufulu. (Dzina la filimuyo sinditchula. Eni ake anayesetsa, ndipo ine posachedwapa ndiyamba kuwanena.) Ankafuna azimayi ambiri oti adzaze khamu, ndiye Nelia anapita ndi mnzake wa khomo loyandikana nafe, mayi wa Chibemba amene timamutcha Bana Mulenga, kutanthauza amake a Mulenga. Anabwerako miyendo ili mbuu ndi fumbi, akuseka chinachake chimene sanafune kundiuza.

"Muzaniona pa TV, imwe," anatero akuvula nsapato. "Muyambe kunilemekeza manje manje, nisanatchuke."

Ndinamufunsa kuti adzaoneka pati. Anati ndidzadzionera ndekha. Sindinafunsenso, chifukwa ndinkaganiza kuti tidzaonera limodzi. Filimuyo inachedwa kutuluka, ndipo inatuluka iye kulibe.

Mavidiyo onse a Nelia anali m'foni yake, ndipo foniyo inabedwa m'basi ya ku tauni. Ine si munthu wojambula mavidiyo. Zimene zinatsala ndi zithunzi, ndipo pa zithunzi Nelia ankaima chilili, nkhope ili gwa, ngati akufuna chiphaso. Ndiye tsiku lina ndikulimbana ndi tsitsi la Tiya (luso limene mpaka pano likundikana), mwanayo anandifunsa osatembenuka:

"Ba dadi, ba mami benze kuyenda bwanji?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati ankayenda mofulumira. Tiya anati mofulumira bwanji. Ndinaimirira kuti ndimuonetse, n'kupeza kuti miyendo yanga sikudziwa. Ndinakhalanso pansi, n'kumulonjeza kuti pa tsiku lokaonetsa mwala wa pamanda adzawaona amayi ake akuyenda. Ndinalonjeza ndisanaonere ngakhale filimuyo. Kumeneko ndiye kunali kulakwa koyamba.

Ndinaionera ndekha pa laputopu, Lamlungu masana, Tiya ali kosewera. Ndinene zoona, mayi amene anamusankha kuti akhale mtsogoleriyo sanandikhutiritse. Ndi wokongola, palibe angatsutse, koma akuti anakulira kunja, ndipo Chinyanja chake chinkamveka ngati cha munthu amene akuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala. Nsidze zake zinali zochokera ku saluni. Atagwira munsi kuti asinje, anaugwira chapatali ngati ungamulume. Akamalira, misozi inkatsika mwadongosolo, diso lililonse dontho lake, mphuno ili youma. Ine ndaonapo anthu akulira, ndipo salira choncho. Mwamuna wake m'filimumo anali bambo wina amene tonse timamudziwa ngati wa nthabwala, moti akanena mawu olemera okhudza dziko ndinkangodikira kuti nthabwalayo ifika liti. Mzungu amene anakhala bwanamkubwa wa atsamunda ndiye ankalankhula Chinyanja chabwino kuposa onse, ndipo zinali zovuta kumuda. Pa denga la nyumba ina ya m'ma 1950 panaoneka dishi ya TV.

Komabe pali malo amodzi pamene mayiyo anakwera pa mgolo n'kuuza azimayi anzake kuti atseke msika. Pamenepo mawu ake ananjenjemera zenizeni, ndipo ndinamukhululukira nsidze.

Kenako azimayi aja anayamba kuguba kulowera ku boma, kamera ili kumbuyo kwawo. Ndipo pakati pa khamulo ndinaona chitenje cha buluu cha nsomba zachikasu. Chitenje chimenecho ndinagula ndine, tili pachibwenzi, ndipo Nelia anandiuza mosabisa kuti n'chonyansa koma achivala. Nkhope sinaoneke. Unali msana wokha, duku kumutu, ukuyenda kwa kanthawi kenako n'kubisika ndi misana ina.

Ndinatseka laputopu, n'kukamwa madzi. Ndinabwerera, n'kuoneranso.

Tsopano, kuti ndisadzinamize, zinthu ziwiri ndinaziona tsiku lomwelo. Choyamba, msanawo unali wotambalala kuposa mmene ndinkakumbukira. Ndinadziuza kuti kamera imanenepetsa anthu, aliyense amadziwa. Chachiwiri, mayendedwe ake anali olemera, odendekera uku ndi uku. Ndinadziuza kuti Nelia ankachita sewero, ndipo ndinanyadira luso lake. (Ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala, kuyang'ana timadontho ta magazi tsiku lonse. Maso anga ndimawakhulupirira. Ndangonena kuti mudziwe.)

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana linali la msanawo. Poyamba ndinkangouyang'ana. Kenako ndinaujambula n'kuuika pa galasi la foni yanga. Kenako ndinayamba kuupatsa moni. Patapita milungu ingapo ndinapita nacho chithunzicho ku situdiyo ina m'tauni kuti achikulitse. Bambo wa pa situdiyoyo anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Ba bosi, ya kutsogolo mulibe?"

Ndinati ndikufuna yomweyo. Anandifunsa ngati ndikufuna fulemu yagolide kapena yakuda. Ndinasankha yagolide.

Ndinaipachika kuchipinda, pakhoma loyang'anizana ndi bedi. M'mawa ndikamavala ndinkauuza msanawo nkhani za pakhomo: kuti dzino la Tiya likugwedera, kuti makala akwera mtengo, kuti denga likudontha pa kona paja pomwe iye ankanena. Pagulu ndinali munthu wolimba. Pamaliro sindinalire pamaso pa anthu, ndipo achibale ankandiyamikira (ena ankandikayikira). Zonse zimene sindinanene kwa anthu ndinazinena kwa msana uja. Tsiku lina Bana Mulenga anabweretsa ndiwo za chibwabwa zotendera, monga ankachitira kawirikawiri chichokereni Nelia, ndipo ndinathamanga kukatseka chitseko cha kuchipinda kuti asaone chuma changa. Ndinkafuna kuti onse adzadabwe pa tsiku lake. Ndipo anadabwadi.

Tsikulo linafika. M'mawa tinapita kumanda, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pa mwala. Masana tonse tinabwerera kunyumba kudzadya. Apongozi anga, amayi ake a Nelia, anali atabwera kuchokera ku Katete. Mlamu wanga Gift anabweretsa TV yake yaikulu pa wilibala. Magetsi, mwa chisomo chimene sindikuchimvetsa mpaka lero, analipo.

Kwa amene sakudziwa: ife a kum'mawa kwa dziko lino ndi Abemba timachitirana chimbuya, chibale cha nthabwala, ndipo timatchulana ambuya. Pamaliro athu iwo ndi amene amaphika, kutunga madzi ndi kutinyoza, ndipo ife sitiloledwa kukwiya. Pamaliro awo ife timabwezera. Choncho pofika masana amenewo Bana Mulenga anali atathira kale paudala pamitu ya theka la abale anga, akuwatcha akudya mbewa, ndipo amuna awo, Bashi Mulenga a minibasi aja, anali atakhala pa mpando wabwino kwambiri m'nyumbamo ngati ndi wawo.

Filimu inayamba. Anthu anadzaza pabalaza, ena akusuzumira pawindo. Ndemanga sizinachedwe.

"Mayi ameneyu akusinja, kapena akupepesa mtondo?" anafunsa apongozi.

"Uyu muzungu ni wa ku Chipata," anatero Bashi Mulenga. "Mvelani chabe mwamene akambila. Afuna chabe mbeba kumanja."

Ine sindinaseke. Tiya anali pamiyendo panga, atavala diresi loyera, ndipo mphindi iliyonse ankandifunsa ngati nthawi yakwana: "Ni manje?"

Azimayi atayamba kuguba, ndinaimitsa filimu ndendende pamene nsomba zachikasu zinali pakati pa galasi. Ndinaimirira. Ndinalowa kuchipinda n'kutulutsa fulemu ija nditaikulunga mu nsalu. Kenako ndinalankhula mawu amene ndinali nditawakonza kwa milungu. Ndinati anthu ena mbiri imawaonetsa nkhope, ena imawaonetsa msana wokha, koma ndi misana imeneyi imene inasenza dziko. (Ndinkaganiza kuti ndi chiganizo chabwino kwambiri. Mpaka pano ndimaganiza choncho, ndipo n'zimene zimandipweteka.) Ndinati msana uwu ndikhoza kuuzindikira pakati pa misana chikwi. Ndinavundukula fulemu. Ndinauza Tiya kuti, "Ba mami bako aba."

Tiya anapita pa TV n'kugwira nsomba imodzi ndi chala. Azakhali ena anayamba kufwenthera.

"Bashi Tiya," anatero Bana Mulenga chapansipansi. "Bwezani kumbuyo pang'ono."

Ndinabweza. Msana unayenda.

"Futi."

Ndinabwezanso, ndikuganiza kuti mnzake wagwidwa ndi chisoni.

"Awe mwandi," anatero. "Uyo ndine."

Ndinamwetulira moleza mtima, monga timachitira ndi ambuya akamachita nthabwala pa nthawi yolakwika. Ndinati lero tisiye kaye nthabwala. Ndinati chitenjecho ndinagula ndekha.

"Chitenge ni cha Nelia, sinikana. Ine nenze navala cha chipani. Baja ba filimu bananibweza, ati mu nthawi ya bazungu ichi chipani kunalibe. Nelia anachosa chake mu chola, anipasa. Simuziba kuti mukazi sayenda na chitenge chimozi?"

Ndinati sizingatheke. Bana Mulenga sanakangane nane. Anangoimirira, n'kupita pambali pa TV, n'kutifulatira tonse, n'kuyenda masitepe angapo kulowera kukhoma, akudendekera uku ndi uku.

Palibe amene anafunikira umboni wina. Gift anatuluka panja atagwira pakamwa. Apongozi anakonza duku lawo n'kunena modekha kuti, "Ine ndinaona kale kuti si mwana wanga, atate ake Tiya. Koma munalankhula bwino kwambiri, ndiye ndinati mumalize."

Bashi Mulenga anadzuka pampando uja pang'onopang'ono. Anatenga fulemu m'manja mwanga, n'kuiyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu akuyang'ana laisensi.

"Ba mbuya, iyi fulemu yenze kunkhala kuti?"

Kunama sindimatha. Ndinati kuchipinda.

"Chipinda chogona?"

Ndinati inde.

"Kuyambila liti?"

Ndinati papita kanthawi.

"Imwe bantu, mvelani! Ine nili pa museu kuyambila kuseni, nilimbana na vimaenje, kanshi bakazi banga bali pa chipupa cha mwamuna wina! Mu golide! Ine neka sininabaikepo mu golide!"

"Ndiye muphunzile," anatero Bana Mulenga, asanatembenuke n'komwe. "Munzanu aziba vinthu vabwino."

Nyumba yonse inaphulika. Azakhali amene ankafwenthera aja anagwera pa phewa la mnzawo. A pawindo ankafotokozera a kumbuyo, ndipo kuseka kunkamveka kukuyenda mpaka kumpanda. Wina ananditsanulira paudala yotsala pamutu. Ndinaima pamenepo nditavala suti yakuda, mutu uli mbee, ndikuganiza za zinthu zonse zimene ndinauza msana wa Bana Mulenga.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Tiya anali akadali pa TV, chala chili pa nsomba.

"Manje ba mami bali kuti?"

Kuseka kunatha ngati magetsi azima. Ndinagwada pambali pake. Ndinali nditamulonjeza chinthu chimodzi chokha chichokereni amayi ake, ndipo ndinali nditamupatsa mayi wa Mulenga.

"Bali pa malilo, mwana wanga," anatero Bana Mulenga. Kenako anandiyang'ana. "Bashi Tiya, pa malilo simunabaone? Bamuonesa bwino bwino, nkhope yonse."

Apa ndiyenera kuvomera kanthu kena. Chakumapeto kwa filimuyo mwamuna wa mtsogoleri uja amamwalira. Nthawi zonse ndikangoona azimayi akuyala mphasa ndi kutulutsa mipando panja, ndinkadumpha mpaka nyimbo yomaliza. Filimu imene ndinaionera kosawerengeka, chigawo chimenecho ndinali ndisanachionepo. Ndinanena zimenezi mwachidule, ndikuyang'ana pansi. Palibe anandiseka, ngakhale ambuya.

Gift anatenga rimoti m'manja mwanga, n'kupititsa kutsogolo.

M'kanyumba ka mdima, mtembo unali pamphasa utafundidwa bulangete, azimayi atauzungulira. Mtsogoleri uja ankalira mwadongosolo lake lija. Koma kamera inamusiya n'kupita pakona, pamene mayi wina wochepa thupi anali atakwirira nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka koopsa. Ankaoneka kuti ndi iye amene maliro amukhudza kuposa onse.

"Uyo," anatero Bana Mulenga. "Muganiza alila? Aseka uyo. Baja ba nthabwala benze pansi pa bulangeti banagona tulo twa zoona, bayamba kuliza mukonono. Ife tonse taluma milomo, Nelia akangiwa kuzigwila. Manje mukulu wa filimu akondwela, ati uyo mayi alila bwino maningi, mulondoleni!"

Ndipo anamulondoladi. Mayi uja analephera kupirira, anadzuka, n'kuyamba kutuluka. Masitepe aafupi, ofulumira, dzanja lamanzere litagwira mfundo ya chitenje m'chiuno, mutu utapendekera pang'ono kumanja ngati akumvetsera wina akumuitana. Atafika pakhomo, pamene panali kuwala, anacheuka. Maso anali onyowa, milomo ataikanikiza kuti kuseka kusatuluke. Nkhope imeneyo ndinkaiona m'tchalitchi nthawi iliyonse wina akaimba molakwika.

"Bwezani," anatero Tiya.

Gift anabweza. Tiya anati abwezenso, ndipo anabwezanso. Kenako mwanayo anachoka pa TV, anagwira diresi lake m'chiuno ndi dzanja lamanzere, anapendeketsa mutu, n'kudutsa pabalaza ponse ndi timasitepe tofulumira mpaka pakhomo, n'kucheuka. Apongozi anatulutsa kamawu kamodzi kokha, n'kutambasula manja, ndipo Tiya anathamangiramo.

Ine ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti, n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa anga anachita zimene anafuna. Sindikudziwa kuti kunali kuseka kapena chinacho, ndipo palibe anandifunsa. Ndinangomva dzanja lolemera la Bashi Mulenga pa phewa langa, ndi mawu awo akuti, "Fulemu nayenda nayo, ba mbuya. Galasi yake ni yabwino."

Za filimuyo maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Akanatha kupeza mayi wodziwa kugwira munsi. Mu Lusaka muno alimo ambiri. Koma munthu amene anayang'ana chipinda chodzaza ndi azimayi n'kusankha kulondola Nelia, ngakhale anamulondola pa chifukwa cholakwika, ndikadzakumana naye ndidzamugwira chanza ndi manja awiri.

Phunziro lake, ngati lilipo, n'lakuti musanakulitse chithunzi yambani mwafunsa anansi. Koma sindinganene kuti mavuto anathera pomwepo. Masiku ano Tiya amafuna tizionera limodzi Lamlungu lililonse, ndipo sabata yatha aphunzitsi ake anandiitana kusukulu. Akuti anafunsa ana kuti makolo awo amagwira ntchito yanji, ndipo mwana wanga anaimirira n'kunena monyadira kuti atate ake amayang'ana magazi a anthu, ndipo amayi ake amaseka pamaliro. Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Aphunzitsiwo anandipempha kuti ndiwatumizire filimuyo.

Nelia akatuluka pakhomo paja, ine ndimafunabe kuzimitsa, chifukwa chotsatira ndi bokosi, nyimbo ndi ulendo wa kumanda. Tiya ndiye amagwira rimoti tsopano, ndipo sabata iliyonse amapitirira pang'ono. Lamlungu lapitali tinafika pamene bokosi likutuluka m'nyumba. Anandiyang'ana, chala chili pa batani.

"Nizime, ba dadi?"

Ndinati aisiye ipitirire.